Tinyanga tisanu ndi kamodzi, intaneti n'kumadukabe

Mayi wina wandilembera imelo. Akuti kunyumba kwawo intaneti imagwira bwino pabalaza, koma kuchipinda chogona imangozungulira osatsegula kanthu, ndiye akufuna kugula rauta yatsopano, kabokosi kaja kogawa intaneti m'nyumba. Akufunsa ngati agule ya tinyanga (tima eriyo) tinayi kapena tisanu ndi kamodzi, komanso kuti AC1200 ndi AX3000 zolembedwa pakatoni zija zimatanthauza chiyani.

Mayi, nditawerenga ndinaseka ndekha. Sindimaseka inu ayi, koma mwanditokosa pabala lomwe ndinkayesa linapola. Inu mwachita bwino kufunsa. Ine ndine safunsa uja anadya phula.

Zaka zingapo zapitazo vuto lanuli linali langa ndendende. Ndikagona pabedi foni inkaonetsa kamzere kamodzi ka Wi-Fi, nthawi zina n'kuzimiriratu. Ndinapsa mtima, ndinapita kukagula chirauta chachikulu chakuda, tinyanga take tisanu ndi kamodzi titaloza kumwamba ngati kangaude wogona chagada. Ndinachinyamula monyadira kwabasi. Nditafika ndinachotsa yakale ija, kanthu kakang'ono koyera kopanda ndi kanyanga komwe, n'kuika chatsopanocho pamalo omwewo: pansi, kuseri kwa TV, mkati mwa kabati yotseka, pakona penipeni pa nyumba. Apo ndi pomwe waya wa kampani ya intaneti unalowera, komanso akazi anga sankafuna kuona mawaya ndi timagetsi tothwanima pabalaza. Sabata yonse ndinkadzinamiza kuti zasintha. Munthu ukawononga ndalama pa chinthu, maso amaona zomwe thumba likufuna.

Sizinasinthe. Kamzere kanali kamodzi komwe kaja.

Tsiku lina akazi anga akukonza m'nyumba anasuntha kabati ija, ndipo rautayo anaitulutsa n'kuisanjika pa shelefu yapamwamba pafupi ndi khomo lolowera kuzipinda, pomwe waya unalekezera kutalika. Madzulo ndili gone ndinangoona timizere tonse tadzaza. Mtima sunandikhale. M'mawa ndinafukula karauta kakale kaja m'katoni, ndinakalumikiza pa shelefu pomwepo, ndikupemphera chamumtima kuti kalephere. Kanagwira. Kuchipinda kunali timizere tonse, ndi kanthu komwe ndinakanyoza kuti n'kachabechabe. Nkhaniyi pakhomo pano amaikumbutsabe kukabwera alendo.

Wi-Fi ndi wailesi basi, mafunde oyenda mumpweya, ndipo chilichonse chomwe akumana nacho panjira chimawadya mphamvu. Khoma la njerwa limadya, la konkire yokhala ndi zitsulo mkati limadya koposa, firiji, kalilole wamkulu, ngakhale madzi. Ine ndinatsekera wailesi m'kabati, kumbuyo kwa TV, pansi, mafunde ambiri n'kumathera panja kuseri kwa khoma, ndiye n'kumadabwa. Ndipo pali china chomwe ogulitsa sakuuzani: kulankhulanaku n'kwa mbali ziwiri. Rauta ikhoza kukuwa mpaka foni yanu n'kuimva kuchipinda, koma foniyo nayo iyenera kuyankha, ndipo ili ndi kanyanga kamodzi kapena tiwiri tobisika mkati, kabatire kake n'kakang'ono. Yankho lake likapanda kufika, tinyanga tambirimbiri ta uko sitipindula kanthu.

Manambala aja ndiye amandikwiyitsa, ndipo ndikamalemba pano ukali ukuwonjezeka. Rauta zambiri masiku ano zimaulutsa pa mabandi awiri, kunena kuti misewu iwiri ya mafunde, 2.4 GHz ndi 5 GHz. Opanga amatenga liwiro lapamwamba la bandi iliyonse, lomwe limatheka zonse zikakhala bwino kotheratu, n'kuphatikiza. AC1200 ndi mamegabiti 300 pa sekondi a pa 2.4 kuwonjezera 867 a pa 5, zomwe zikukwana 1167, iwo n'kukweza kufika 1200. AX3000 ndi 574 kuphatikiza 2402. Koma pa rauta zimenezi foni yanu imalumikizika ku bandi imodzi pa nthawi imodzi, ndiye nambala ya pakatoniyo palibe chipangizo m'nyumba mwanu chidzaione. Ena amati ndi mmene malonda amayendera. Ine ndimati ndi bodza lovala suti.

Choposa apo, rauta sipanga intaneti, imangogawa yomwe yabwera. Ngati kampani imakupatsani mamegabiti 20, mukhoza kugula rauta yodula kuposa zonse m'sitolo, mudzalandirabe 20 omwewo, ogawana ndi aliyense m'nyumbamo. Kugula mpopi wonyezimira sikuchulukitsa madzi a m'paipi yopyapyala. (Ndipo megabiti si megabaiti. Baiti imodzi ndi mabiti 8, choncho 20 ija pokopera fayilo imaoneka ngati 2.5. Anthu ambiri amakalipira kampani pa chifukwa chimenechi chokha.)

Za mabandi awiriwa ndinenepo pang'ono, poti vuto lanu la kuchipinda likhoza kukhala pamenepa. Ya 2.4 imafika patali ndipo imapyola makoma bwinoko, koma ndi yochedwa komanso yodzaza. Bluetooth ili momwemo, uvuni wa mayikulowevu ukayaka umasokoneza momwemo, ma rauta a oyandikana nawo nyumba onse ali momwemo, ndipo matchanelo (tinjira ta mkati mwa bandiyo) osapondana ndi atatu okha: 1, 6 ndi 11. Ya 5 imathamanga ndipo malo ndi ambiri, koma ikadutsa makoma awiri yatopa kale. Ndinakhalapo m'nyumba ina momwe foni inkaona maina a Wi-Fi oposa khumi, ena oseketsa, wina anatcha yake dzina lochenjeza anthu kuti asapemphe pasiwedi. Kumeneko madzulo aliyense akabwera kuntchito 2.4 inkangokwawa.

Nkhani ya pasiwediyi, poti yabwera yokha, ndisaisiye. Rauta ili ndi mapasiwedi awiri, ndipo ambiri amadziwa imodzi. Ina ndi ya Wi-Fi ija mumapatsa alendo. Inayo ndi yolowera m'kati mwa rauta momwe, pa adilesi ngati 192.168.0.1 kapena 192.168.1.1, ndipo pa rauta zambiri zakale inkangokhala "admin", dzina "admin". M'chaka cha 2016 pulogalamu yoipa yotchedwa Mirai inalanda makamera ndi ma rauta ochuluka zedi pongoyesa mapasiwedi a kufakitale ngati amenewa, n'kuwagwiritsa ntchito kugwetsa mawebusaiti akuluakulu, eni ake osadziwa kanthu. Chirauta changa cha kangaude chija chinandikhumudwitsanso apa: patapita nthawi opanga anangosiya kutulutsa zokonza pulogalamu yake yamkati, ngati sanachibale ndi iwo. Chinkagwirabe ntchito, koma mipata yolowera akuba m'pulogalamu yake palibe ankaitseka. Kwa ine ichi n'chachikulu kuposa liwiro, ndipo pakatoni sachilemba.

Nanga mugule iti?

Musanagule, yesani zaulere. Tulutsani yomwe muli nayo, muiike pamwamba, poyera, chapakati pa nyumba, ngakhale zitafunika kugula waya wautaliko wa Ethernet, umene umatha kufika mamita 100 osataya liwiro. Mugone nayo masiku awiri muone.

Zikakanika, tengani ya mabandi awiri ya Wi-Fi 6, zija zolembedwa AX. Wi-Fi 6 inayamba kupezeka cha m'ma 2019 ndipo imapirira bwino zipangizo zikachuluka. Wi-Fi 5, ya AC ija, ikadali bwino ngati thumba lavuta, koma Wi-Fi 7 isiyeni kaye ngati mafoni anu saidziwa. Yang'anani kumbuyo kuti mabowo olowetsa waya ndi a gigabiti, kutanthauza mamegabiti 1000, chifukwa zina zotchipa zimalembedwa 1200 kutsogolo pomwe mabowo ake amalekera pa 100. Ikhale ndi chitetezo cha Wi-Fi chotchedwa WPA3, zikavuta WPA2, ndipo mufufuze ngati opanga akutulutsabe zokonza. Ngati intaneti yanu imabwera pa SIM khadi osati pa waya, mukufunika rauta yolowa SIM, apo ayi mudzabwerera nayo kusitolo.

Nyumba ikakhala yaitali kapena yosanja, rauta imodzi singakwane olo ikhale yotani. Pamenepo ndi pa zija za mesh, tizigawo tiwiri kapena titatu togwirizana, makamaka mukatilumikiza ndi waya. Tokuzira mafunde tija tongobaya pasoketi sindikulimbikitsani: tambiri timamva ndi kulankhula pa wailesi imodzi yomweyo, ndiye liwiro limatsika pafupifupi ndi theka. Ndinagulapo kamodzi, pano kali m'dirowa limodzi ndi machaja akufa.

Mukasuntha yanuyo mundilemberenso, mundiuze timizere ta kuchipinda tafika pangati. Ndipo munene zoona ngati nanunso munaibisa m'kabati.