Munthu mmodzi ndi gitala yake: ukatswiri timaumvera pati?

Sabata yathayi ndalandira imelo kuchokera kwa mnyamata wina wa ku Luchenza amene wangoyamba kumene kuphunzira gitala. Akuti bandulo yake imathera pa YouTube, kuonera anthu akunja oimba gitala paokha, opanda bandi, zala zikuthamanga moti maso sangazitsate. Malume ake akamupeza akuonera amangopukusa mutu n'kunena kuti, "Ukanamva Namoko ndi Kachamba sukanataya nthawi ndi amenewa." Mnyamatayu wazisaka nyimbo za akuluakuluwa, wazimvera, koma akuti akungomva makiyi atatu obwerezabwereza ndi gitala yomveka ngati sinachunidwe. Ndiye akufunsa: kodi malume angokakamira zakale, kapena pali china chimene makutu ake sakutola? Nanga mwa onse oimba paokhawa, woposa anzake ndani?

Achimwene, malume anu sakunama, kungoti sanakuuzeni pomvera. Inu maso anu ali pa dzanja lamanzere, lomwe limakwera n'kutsika pakhosi pa gitala, chifukwa ndi limene ojambula mavidiyo amakonda kuonetsa. Koma munthu akamaimba yekha, nkhani yaikulu imakhala kudzanja lamanja, makamaka pa chala chachikulu.

M'bandi ntchito amagawana. Pali wa besi, wa ng'oma, wa lidi, ndi woimba pakamwa. Munthu akakhala yekha, zonsezi zimagwera iye. Chala chachikulu chimatenga nsambo zonenepa n'kumayenda monga besi, osaphonya, osafulumira, osatopa. Mkombaphala amatenga nsambo zowonda n'kumalowetsa nyimbo m'mipata imene chala chachikulu chasiya. Zili ngati amayi awiri osinja mumtondo umodzi: munsi wina ukamakwera wina ukutsika, ndipo mmodzi akangofulumira pang'ono minsi igundana. Pamwamba pa zimenezo munthuyo akuimbanso pakamwa, mawu ake akuyenda njira yawoyawo. Tayesani panopa. Gogodani tebulo ndi chala chachikulu mosasinthasintha, mkombaphala agogode m'mipata, kenaka muyambe kufotokozera mnzanu mmene munayendera dzulo. Ambiri safika pa chiganizo chachiwiri.

Kaimbidwe ka zala ziwiri kameneka kali ndi mbiri yake. Mu 1952 Hugh Tracey, amene ankayenda ndi makina ojambulira nyimbo m'maiko ambiri a mu Africa, anajambula mnyamata wina wa ku Katanga ku Congo, Jean Bosco Mwenda, akuimba yekha ndi gitala. Mbale zake za galamafoni zinafika kutali kwambiri, ndipo mpaka lero ophunzira gitala a ku Ulaya ndi ku America amatuluka thukuta poyesa kumutsanzira. Ku Bulawayo kunali George Sibanda, nayenso munthu mmodzi ndi gitala yake. M'zaka zimenezo agogo athu ambiri anali pa ulendo, ena ku Halale, ena ku migodi ya ku Joni, ndipo pobwerera ankabwera ndi galamafoni, mbale, mwinanso gitala pamsana. Koma gitalayo inapeza kuno makutu ozolowera kale bangwe, kalimba ndi ng'oma, zoimbira zimene nyimbo yake imazungulira pa kachigawo kamodzi. N'chifukwa chake anthu athu anaigwira mwa njira yawo.

Apa ndiye pali yankho la dandaulo lanu la kubwerezabwereza. Makiyi atatu aja ndi maziko chabe, ndipo amabwerezedwa dala kuti khutu likhazikike. Zimene zikusintha zili mkati: apa wachedwetsa kamawu kamodzi, apo wadumpha nsambo imene munkaiyembekezera, kwinaku wagwira nsambo ndi chikhatho kuti zisalire, zingomveka phu. Daniel Kachamba wa ku Chileka, amene anamwalira mu 1987, anali katswiri pa zimenezi. Ambiri amamudziwa chifukwa cha bandi ya kwela imene ankaimba ndi mng'ono wake Donald, ija inakumana ndi Gerhard Kubik, wofufuza za nyimbo wa ku Austria, mu 1967 n'kuyamba kudziwika kunja. Koma sakani nyimbo zimene akuimba yekha ndi gitala. Valani mahedifoni, chifukwa sipika ya foni imameza besi yonse. Ulendo woyamba tsatirani mawu onenepa okha kuyambira poyamba mpaka pomaliza, zina zonse muzisiye. Ulendo wachiwiri tsatirani nsambo zowonda. Mukabwereza kachitatu mudzayamba kudabwa kuti zala zake zinali zingati.

Za Namoko, malume anu asakaniza pang'ono, ngakhale sindikuwadzudzula, poti ifenso a ku Thyolo tikayamba kukamba za iye sitimva za munthu. Allan Namoko anali wa kwathu konkuno, wosaona, ndipo ankaimba m'Chichewa ndi m'Chilomwe mpaka pamene anamwalira mu 1995. Chida chimene anatchuka nacho chinali banjo, ndipo nthawi zambiri sankakhala yekha, ankakhala ndi anyamata a Chimvu Jazz omuthandiza ndi ng'oma ndi zisekese. Banjo mawu ake sakhalitsa. Ukangoikhudza yalira, pomwepo yazima. Woimba ndiye sangapumitse dzanja, ayenera kumakwapula nsambo mosalekeza, ndipo dzanjalo limasanduka ng'oma. Pomumvera Namoko musasake zala zothamanga. Mverani mmene mawu ake okalipa aja amalowera mochedwa pang'ono kapena mofulumira pang'ono pamwamba pa banjo, koma osagwa. Munthu amene anavinapo tchopa amazimva msanga zimenezi.

Za kuchuna, pali zoona ziwiri. Ndi zoona kuti nthawi zina gitalayo inali yosachunidwa bwino, tisabise. Nsambo zopangidwa ndi waya wa mabuleki a njinga sizigwira mawu nthawi yaitali, ndipo makaseti akale amene anthu anaika pa intaneti ena anali atatamuka kale. Komanso dziwani kuti kachunidwe kamene mukuphunzira, ka E A D G B E, ndi pangano la anthu chabe. Oimba ambiri a kuno ankachuna gitala kuti igwirizane ndi mmero wawo, ena n'kuchotseratu nsambo imodzi dala kuti chala chachikulu chiziyenda momasuka. Ena ankagoneka gitala pamiyendo n'kumatsetsereka pa nsambo ndi botolo kapena mpeni, kaimbidwe kotchedwa hauyani, komwe mawu ake amadutsa pakati pa makiyi ngati munthu akulira maliro. Mukaika kachipangizo kanu kochunira ka pafoni pa nyimbo yotero, kadzakuuzani kuti zonse n'zolakwika.

Tsiku lina la msika pa Limbuli ndinaima nthawi yaitali pafupi ndi bambo wina wachikulire amene ankaimba atatsamira khoma la golosale. Gitala yake inali ndi nsambo zisanu. M'malo mwa kapo, kachipangizo kopanikizira nsambo zonse pamodzi, anali atamanga pensulo pakhosi pa gitala ndi mphira wa chubu cha njinga. Pansi pa bowo la gitalayo thabwa linali litayera, litakumbika kadzenje pamene zala zitatu zotsalazo zimatsamira. Chikhadabo cha chala chachikulu chinali chokhuthala, chachikasu, chodyeka mbali imodzi. Wakabaza wina anaima n'kumufunsa njira ya ku Muloza, bamboyo n'kumuyankha bwinobwino, kuloza ndi chibwano, koma besi ija osaima ngakhale kamodzi. Anthu ambiri anangodutsa ndi matumba awo a chinangwa.

Tsopano tibwere kwa anthu anu a pa YouTube, chifukwa sindikufuna muganize kuti ndikuwanyoza. Tommy Emmanuel wa ku Australia, amene ndikukhulupirira kuti mwamuonera kale, akuchita chinthu chomwechi: chala chachikulu pa besi, zala zina pa nyimbo. Anatengera kwa Chet Atkins wa ku America, ndipo iye amawonjeza kumenya thupi la gitala ngati ng'oma. Ndi katswiri weniweni. Koma kumbuyo kwake kwabwera gulu la anyamata amene anatola kuthamanga ndi kumenya gitala kokha. Mukatseka maso nyimbo mulibe, ndipo vidiyo ikatha simungathe kuing'ung'udza. Amenewo ine sindichedwa nawo.

Kaimbidwe kalikonse kali ndi muyeso wake. Andrés Segovia wa ku Spain, amene anakweza gitala kuti izimveka m'maholo akuluakulu a nyimbo zachikale za ku Ulaya, ankaimba zolembedwa papepala, ndipo luso lake linali pa kukoma kwa liwu limodzi lililonse, malinga ndi mmene chikhadabo ndi mnofu wa chala zakhudzira nsambo. Paco de Lucía, wa ku Spain komweko, anali wa flamenco, kumene zala zimatambasuka chimodzichimodzi mwaliwiro n'kukwapula nsambo, ndipo kumeneko kuthamanga kuli ndi malo ake. Ali Farka Touré wa ku Mali amatha kukhala pa kiyi imodzi nyimbo yonse osasuntha, moti ngati makiyi atatu a Kachamba akukutopetsani, uyu ndiye mudzamuthawa. Ndipo pali mayi wina wa ku America, Elizabeth Cotten, wamanzere, amene anangotembenuza gitala chadodolido osasintha nsambo, besi n'kumaiimba ndi mkombaphala, nyimbo ndi chala chachikulu. Mphunzitsi aliyense akanamuletsa tsiku loyamba.

Musaiwalenso agogo athu a Giddes Chalamanda a ku Chiradzulu, obadwa mu 1930, amene achinyamata ambiri anawadziwa ataimba ndi Patience Namadingo. Kaimbidwe kawo n'kosavuta kukaona, ndipo mwina makiyi awo mwawadziwa kale onse. Koma tayesani kuimba nyimbo yawo imodzi pamaso pa anthu muone ngati wina angadzuke kuvina.

Woposa onse ndani? Mukandikakamiza kusankha amene ndingamumvere tsiku lonse osatopa, ndi Daniel Kachamba akakhala yekha, kenaka Mwenda. Chimenecho ndi chikonda changa, ndipo wa ku Mulanje mnzanga amene timakangana naye za nyimbo amati ndalakwa, Namoko alibe mnzake.

Inuyo poti mukuphunzira, kwa mwezi umodzi siyani kaye kuthamangitsa dzanja lamanzere. Gwirani kiyi ya C yokha, chala chachikulu chizisinthana pakati pa nsambo ziwiri zonenepa mpaka muzitha kucheza ndi munthu chikuyendabe. Mukafika pamenepo lowetsani mkombaphala, kamawu kamodzi kokha pa mpata uliwonse. Zala zipweteka, ndipo apanyumba adandaula ndi phokoso lobwerezabwereza. Ndiye mukapite nayo gitalayo kwa malume anu, muwafunse nyimbo za Namoko zimene ankazimva pa wailesi ya MBC, aziimba pakamwa inu mukuwatsatira ndi besi. Mudzandilembere kuti munatha mphindi zingati musanasochere.