Banga la ufa wa kale pa simenti ya apongozi landisandutsa mfiti

Azakhali,

Ndine mayi wa mwana mmodzi, ndili pa chitengwa kufupi ndi Kamwendo kuno ku Mchinji. Ndimakazinga samusa n'kumagulitsa pamsika. Mwezi watha ndinaoda ufa wa kale (curry) wachikasu kwambiri kwa amayi ena amene amapikula katundu ku Chipata. Ndikudutsa pabalaza pa apongozi, jumbo inang'ambika, kale yense mbwee pansi. Simenti imeneyo anangoikitsa chaka chino atagulitsa mtedza, polishi asanapakepo n'komwe. Ndi mantha ndinathirapo madzi ndi sopo waufa n'kuyamba kukolopa. Azakhali, malowo anafiira ngati pophera nkhuku.

Pano apongozi akuuza alamu anga kuti ndinathira mankhwala m'nyumba mwawo. Nsima yanga sakudya. Amuna anga analipo pamene kaleyo ankatayika, anaona ndi maso awo, koma angoti ndizisiye, zitha zokha. Kodi ndingolongedza ndizipita kwathu?

Wodandaula, Kamwendo

Mwana wanga,

Usalongedze. Ukachoka lero, anthu adzati wathawa chifukwa nkhaniyo ndi yoona, ndipo dzina limenelo lidzakutsatira mpaka kumudzi kwanu.

Choyamba mtima ukhale pansi pa za kufiirako. Chimene chimapatsa kale mtundu wachikasu ndi turmeric, muzu wofanana ndi jinja umene amauyanika n'kuupera. Ufa umenewu ukakumana ndi sopo, soda kapena chidulo cha phulusa chija timathira m'therere, umasanduka wofiira. Ukaudonthezera madzi a ndimu kapena viniga, umabwerera ku chikasu. Si matsenga, ndi mmene ulili. Ndiye pamene unathamangira sopo waufa, ndi pomwe banga linasintha mtundu, komanso madziwo analowetsa utotowo m'timabowo ta simenti yosapaka polishi, imene imamwa ngati m'phika watsopano.

Tsiku lina ufa wotere ukadzatayika, madzi akhale omaliza. Chotsa kaye mwana, makamaka ngati ndi tsabola wopera, chifukwa wokwawa amagwira pansi kenako n'kutikita m'maso. Tsegula mawindo. Wola ufawo udakali wouma ndi kachidutswa ka katoni, pang'onopang'ono kuchokera m'mbali kupita pakati, osati kupsyeda ndi tsache mpaka nyumba yonse iyetsemule. Wotsalira uwazepo madeya onyowa pang'ono, amautola bwino, kenako usese. Apo ndiye ubwere ndi kansanza konyowa, uzidinda osati kukhula. Ikanakhala nyumba yozira, ukanangopala pamwamba n'kuziranso, nkhani n'kuthera pomwepo.

Banga lilipoli lingathe. Tsukuluza ndi madzi okhaokha kuti sopo achoke, pukuta, pouma. Kenako sungunula jiki pang'ono m'madzi, nyowetsa malowo kwa mphindi 10, khula ndi bulashi, tsukuluzanso. Ungafunike kubwereza masiku awiri kapena atatu. Koma ndikupempha, jiki usamusakanize ndi viniga kapena ndimu, mpweya wake umapweteka m'chifuwa. Ngati dzuwa limafika pamalopo, siya chitseko chotsegula, pakuti utoto wa turmeric umazilala ndi dzuwa. Pakauma bwinobwino, gula polishi wofiira ndi ndalama zako za samusa, upake balaza lonse. Apongozi ako anatuluka thukuta m'munda wa mtedza kuti apeze simenti imeneyo, ndipo mtima unawapweteka. Pa chimenecho uwapepese ndi mtima wonse, utagwada monga mwa ulemu wathu.

Koma pa za mankhwala usapepese, ngakhale kuti nkhani ithe msanga. Ndipo apa ndiye pandiwawa ine: amuna ako. Munthu anaona jumbo ikung'ambika, lero mkazi wake akutchulidwa za mankhwala pamudzi pa makolo ake, iye n'kumati zitha zokha? Pa chitengwa iwe ndiwe mlendo, amene anakutenga kwanu ndiye mwini mawu. Mawu awiri okha ochokera pakamwa pake, akuti "Amayi, ndinalipo," akanazimitsa moto umenewu tsiku lomwelo. Mwina akuopa kuoneka ngati akutsutsa mayi ake, zimenezo ndikuzimvetsa, koma chete wakeyo apongozi akumumva ngati kuvomereza.

Uwayankhule usiku muli awiri, osakweza mawu. Uwauze kuti sukuwapempha kuti akangane ndi mayi awo, ukungofuna anene zimene anaona. Ndipo usanachotse banga lija, mupite nonse kwa apongozi ndi mbale yoyera, kale pang'ono, sopo ndi ndimu. Amuna ako ndi amene asakanize ndi manja awo, osati iwe. Apongozi aone okha chikasu chikufiira ndi sopo, n'kubwereranso ndi ndimu. Alamu ako amene anamva nkhani ija akhalepo, kuti khutu limene linamva bodza limvenso zoona.

Amuna ako akakana ngakhale zimenezi, usalimbane ndi apongozi wekha. Itanitsa ankhoswe a mbali zonse ziwiri sabata ino, ndipo mbale ija ndi ndimu upite nazo pabwalopo. Undilemberenso undiuze ngati apongozi ayamba kudya nsima yako.

Azakhali