Musapite nokha kwa ana amasikini

Mayi wina wa ku Chilomoni wandilembera kuti gulu lawo la kutchalitchi limagawa mpunga ku Limbe Loweruka lililonse, koma ana akadya amangobalalika. Akufunsa kuti akulakwitsa pati.

Mayi, mpunga ulibe mlandu. Mwana wogona pakhonde la sitolo kapena pa Wenela sakhulupirira munthu wotsika m'galimoto atavala zoyera. Amamvera amene anagonapo pakatoni ngati iye. Pezani mnyamata ndi mtsikana amene anachoka mumsewu ndipo akhazikika, kudzera ku mabungwe othandiza ana a mumsewu monga Chisomo Children's Club ndi Samaritan Trust, kapena ofesi ya boma ya Social Welfare. Iwowo atsogole, inu kumbuyo.

Ndipo muziwalipira. Apa sindinyengerera. Timakonda kuwatcha "odzipereka" kuti tisatulutse ndalama. Kutuma mnyamata wopanda ya minibasi ndi ya nsima pakati pa anzake osuta chamba ndi onunkhiza guluu n'kumubwezera komwe anachokera. Asayende yekha usiku, ndipo sabata iliyonse wina wamkulu azikhala naye pansi kumva zomwe wakumana nazo, chifukwa nkhani zimenezi zimamutsegula mabala ake.

Za kubalalikako, kumbukirani vakabu. Mu 2017 Khoti Lalikulu linathetsa ndime ina ya lamuloli pa mlandu wa Mayeso Gwanda, wogulitsa malonda mumsewu, koma mantha ogwidwa sanathe. Mukabwera ndi kope kulemba mayina tsiku loyamba, kapena kujambula zithunzi za pa Facebook, mwana amaganiza kuti mawa kubwera apolisi.

Pitani m'mawa asanamwazike kukapempha, malo omwewo, tsiku lomwelo. Ndalama m'manja ayi: akuluakulu a gulu la anawo amalanda, wamng'ono n'kumenyedwa. Musamutengere mwana kwanu. Lamulo la 2010 loteteza ana limafuna kuti zotere zidzere ku Social Welfare. Akanena kuti akufuna kubwerera kwawo, wina akaone kaye pakhomopo, popeza ambiri anathawa nkhanza kapena njala, ndipo mukangomusiya, sabata yamawa mumupezanso ku Limbe.

Amene wagwiriridwa, mnyamata kapena mtsikana, apite ku Chikwanekwane, malo othandizira ochitiridwa nkhanza a pa chipatala cha Queens, maola 72 asanathe kuti alandire PEP yoteteza ku HIV. Nambala ya foni yothandiza ana ya 116 ndi yaulere. Mnyamata kapena mtsikana wokutsogolerani uja aidziwe pamtima.