Kuteteza thanki ya madzi ozimira moto kuti isaundane: yankho kwa wophunzira uinjiniya

Wophunzira wa chaka chachitatu cha uinjiniya wa makina walemba kuti akufuna kudzagwira ntchito yokonza zipangizo zozimira moto m'mayiko ozizira monga Canada ndi kumpoto kwa United States. Pokonzekera mafunso olowera ntchito, wakumana ndi funso lomwe lamusowetsa chonena: kodi thanki yosungira madzi ozimira moto imafunika hita yamphamvu bwanji kuti madzi asaundane?

Yambirani pa NFPA 22, malamulo a ku America okhudza matanki amtunduwu. Chiwerengero choti muchisunge pamtima ndi 5.6°C, yomwe ndi 42°F. Madzi ozizira kwambiri m'thanki kapena m'paipi yokwera kuthanki asatsike kupitirira pamenepo ngakhale tsiku lozizira koopsa. Palinso alamu yomwe imalira madzi akafika 4.4°C, kuti oyang'anira achitepo kanthu ayezi asanayambe kupangika.

Ambiri amaganiza kuti vuto ndi thanki yonse kusanduka mwala. Zimenezo sizichitika kawirikawiri, chifukwa madzi ambiri amachedwa kuzizira. Oyamba kuuma ndi mapaipi ang'onoang'ono, mavavu ndi paipi yopita ku pampu. Madzi akaundana amafufuma pafupifupi 9 peresenti, ndiye paipi imang'aluka kapena kutsekeka, moto n'kubuka pampu ikukoka mphepo. Choopsa china ndi kabowo kopumira kali padenga. Kakatsekedwa ndi ayezi pampu n'kuyamba kukoka madzi, mpweya sulowa, ndipo thanki yachitsulo imatha kuphwafukira mkati ngati chitini chopondedwa.

Tsopano masamu ake. Hita siyikidwa kuti itenthetse madzi, ntchito yake ndi kubwezera kutentha komwe kukuthawa kudzera m'khoma, padenga ndi pansi. Muchulukitse zinthu zitatu: kukula kwa malo omwe kutentha kukudutsa, kusiyana kwa kutentha mkati ndi kunja, ndi nambala yotchedwa U yosonyeza mmene khomalo limalolera kutentha kudutsa. Kuzizira kwa kunja musakuyerekeze ndi mutu. NFPA 22 imagwiritsa ntchito avereji ya tsiku limodzi lozizira kuposa onse m'deralo.

Tiyese ndi thanki yozungulira ya mamita 10 m'mimba mwake ndi mamita 8 msinkhu, yosunga malita pafupifupi 628,000. Khoma lake ndi masikweyamita 251, denga 79, zonse pamodzi 330. Tinene kuti yakutidwa ndi mineral wool, chokutira choletsa kutentha kuthawa, yochindikala mamilimita 50, zomwe zimapereka U ya pafupifupi 0.8. Ngati kunja kuli -20°C ndipo mkati mukufunika 5.6°C, kusiyana ndi madigiri 25.6. Mukachulukitsa 330, 0.8 ndi 25.6 mupeza mawati 6,758, kutanthauza makilowati pafupifupi 7. Apa sitinaphatikize zotayika pansi, m'mapaipi ndi m'zitsulo zomwe zaboola chokutiracho, choncho hita yogulidwa iyenera kuposa pamenepo. Thanki yomweyo ikakhala yosakutira, mphepo ikuwomba, kutentha kothawa kumatha kuchuluka kuposa kakhumi. Wokufunsani ntchito amafuna kumva kuti mfundo imeneyi mukuimvetsa, osati kuti munaloweza nambala.

Njira zotenthetsera zilipo zingapo: hita zamagetsi zomizidwa m'madzi, mapaipi a nthunzi, kapena hita yapansi yomwe imazungulitsa madzi, otentha akukwera, ozizira akutsika. Mapaipi a panja amakulungidwa ndi waya wotenthetsa kenako n'kukutidwa. Zolakwika zambiri zimachokera pa malo oika choyezera kutentha. Chikaikidwa pafupi ndi hita chimaonetsa kuti zonse zili bwino pomwe kumapeto kwa paipi kwauma kale. Chiyenera kukhala pomwe pali madzi ozizira kwambiri. Hita yomizidwa nayo ikhale m'munsi mokwanira ndipo izidzizimitsa madzi akachepa, apo ayi imapsa. Chokutira chikanyowa ndi mvula chimangokhala chokongoletsa.

Kusukulu, limbikirani phunziro la kayendedwe ka kutentha ndi la kayendedwe ka madzi m'mapaipi, ndipo zolowerani kusintha miyezo, chifukwa mapepala a ku America amalemba Btu (muyezo wa kutentha) pa ola ndi magaloni. Kilowati imodzi ndi Btu pafupifupi 3,412 pa ola. Werenganinso NFPA 25, yonena za kuyendera ndi kusamalira zipangizozi zikaikidwa kale. Ngati maso anu ali ku Ulaya, malamulo a sprinkler (timipope tomwaza madzi moto ukabuka) kumeneko ndi EN 12845. Ofuna digiri yapadera ya uinjiniya woteteza ku moto angayang'ane University of Maryland, pomwe amisiri ojambula mapulani a mapaipi ku United States amalemba mayeso a bungwe lopereka ziphaso kwa amisiri la NICET, omwe ali ndi magawo anayi. Musanatumize kalata yofunsira ntchito, bwerezani masamu a thanki ija ndi -10°C komanso -30°C, muone mmene hita ikusinthira.