Zipatso za nyengo yotentha ndi magemu oyenda paliponse: ndani akutsogolera?

Mmodzi mwa owerenga wanditumizira imelo yokhala ndi funso limene poyamba lingamveke ngati nthabwala. Akuti nyengo yotentha ikafika amagula mapichesi, mapulamu, masitiroberi ndi matcheri ambiri, koma akafika nazo kukhitchini amangoziyang'ana osadziwa poyambira, mpaka zina zimaola. Akutinso zomwezo zimamuchitikira akatsegula gemu ya pakompyuta ya mtundu wa open world, ija imene wosewera amapatsidwa dziko lalikulu n'kuloledwa kupita kulikonse kumene akufuna: mapu amadzaza zizindikiro, iye amagwa mphwayi, kenako amazimitsa. Akufunsa ngati zinthu ziwirizi zikufananadi, komanso ngati chimodzi chingamuthandize kumvetsa chinzake.

Kwa inu amene mwandilembera, yankho langa ndi lakuti zikufanana ndithu, ngakhale kuti ine sindikuona kuti vuto lili pa kuchuluka kwa zosankha monga mukuganizira. Vuto lili pa chimene mwalola kuti chikutsogolereni, kaya ndi malangizo olembedwa ndi munthu wina kapena chinthu chenichenicho chimene chili pamaso panu.

Ufa, shuga ndi batala sizisintha kwenikweni pakati pa lero ndi mawa, n'chifukwa chake malangizo a kaphikidwe ka keke mungathe kuwatsatira ndendende. Chipatso sichitero. Pichesi limene lero ndi lolimba ndi lowawasa, pakapita masiku ochepa limafewa n'kudzaza madzi, popeza mapichesi ndi mapulamu ali m'gulu la zipatso zimene zimapitiriza kupsa zikathyoledwa, mothandizidwa ndi mpweya wa ethylene umene zimatulutsa zokha. Masitiroberi, matcheri ndi mavwende sali m'gulu limeneli, ndipo kutsekemera kumene anali nako pothyoledwa sikuwonjezekanso. Wolemba malangizo sanalawe chipatso chanu, choncho muyeso wake wa shuga ndi wongoyerekeza. Wophika wodziwa amayamba walawa, kenako amasankha: chipatso chokhwima bwino chimadyedwa chachiwisi kapena kuwazidwa shuga pang'ono kuti chitulutse madzi ake, cholimba chimawotchedwa mu uvuni kuti chifewe, ndipo chimene chayamba kuphwanyika chimalowa m'poto.

Jamu ndiye amaonetsa bwino mfundo imeneyi. Kuti jamu agwirane pamafunika zinthu zitatu, zomwe ndi pectin (chinthu chachilengedwe cha m'zipatso chimene chimalimbitsa jamu), asidi ndi shuga, ndipo amayamba kulimba kutentha kukafika madigiri pafupifupi 104 kapena 105 Celsius. Zipatso zosapsa kwenikweni zimakhala ndi pectin wambiri kuposa zopsa kwambiri, ndipo masitiroberi ndi mapichesi ali naye wochepa, n'chifukwa chake ophika amathiramo madzi a mandimu kapena kusakanizamo zipatso zingapo zolimba. Munthu amene wamvetsa zimenezi safunikanso pepala la jamu wa chipatso chilichonse pachokha. Waphunzira lamulo limodzi limene limagwira ntchito pa zipatso zimene sanaziphikepo n'kale lonse.

Magemu abwino a mtundu umene mukunenawu anamangidwa pa nzeru yomweyo. Chitsanzo chimene ndimachikonda ndi The Legend of Zelda: Breath of the Wild, imene kampani ya Nintendo inatulutsa mu 2017. Wosewera akangomaliza gawo loyamba, amaloledwa kupita kulikonse, ngakhale kulunjika kwa mdani womaliza ngati ali wolimba mtima. Chimene gemuyi imaphunzitsa ndi malamulo a dziko lake: moto umagwira udzu ndipo kutentha kwake kumatha kunyamula wosewera m'mwamba, zida zachitsulo zimakopa mphezi kukakhala mvula yamabingu, ndipo mvula imachititsa miyala kuterera moti kukwera phiri kumavuta. Mulinso kuphika momwemo, ndipo n'kosangalatsa kuti kumatsatira maganizo omwewa. Mumaika zinthu zosapitirira zisanu mumphika, ndipo mukasakaniza zinthu ziwiri zopatsa mphamvu zosiyana, mphamvuzo zimafafanizana. Apozi likagwera pafupi ndi moto limawotcheka lokha. Palibe amene amakuuzani zonsezi pandandanda. Mumaziona, mumayesa, ndipo mumazigwiritsa ntchito pamalo ena.

Tsono mphwayi imene mukunenayo imachokera kuti? Magemu ambiri, monga a Assassin's Creed amene kampani ya Ubisoft inayamba kutulutsa mu 2007, anazolowetsa osewera kukwera pamalo okwera kuti mapu aonetse zochita za m'deralo. Njira imeneyi ili ndi ubwino wake, chifukwa munthu sasochera, koma imasandutsa dziko kukhala mndandanda wa ntchito zodikira kuchongedwa. Mu Breath of the Wild nsanja zilipo, koma zimangoonetsa maonekedwe a dera, ndipo wosewera amayang'ana yekha n'kuika chizindikiro pa chimene chamukopa. Gemu ya Elden Ring ya kampani ya FromSoftware, ya mu 2022, inapitirira pamenepa posapereka n'komwe mndandanda wa ntchito zimene anthu a m'gemumo akupatsani. Mukaima m'khitchini muli ndi malangizo khumi amene mwasunga pafoni, muli ngati wosewera woyang'ana mapu odzaza zizindikiro, ndipo chipatso chenichenicho simunachinunkhize n'komwe.

Palinso nkhani ya kufuna kumaliza zonse. Mu Breath of the Wild muli njere 900 zimene wosewera amapatsidwa akapeza tizolengedwa tobisala totchedwa Korok, koma 441 zokha ndi zokwanira kukulitsa malo onse onyamulira zida, ndipo mphoto ya wotolera zonse ndi kanthu kanthabwala kopanda ntchito. Ine ndimaona kuti opanga gemuyi anaika njere zambiri chonchi kuti aliyense apeze zokwanira panjira imene wasankha, ndipo sanayembekezere kuti aliyense azitolere zonse. Nyengo ya zipatso ilinso chomwecho. Simungaphike jamu, payi, madzi akumwa ndi zipatso zouma kuchokera ku mtundu uliwonse m'chaka chimodzi, ndipo kugula mochuluka poopa kuti nyengo ikutha ndi kumene kumadzetsa zoola zija.

Pali malo amodzi pamene kufananaku kumathera, ndipo sindikufuna kuwabisa. Gemu imadikira. Mukhoza kuisunga, kuisiya miyezi itatu, n'kupeza phiri lija lili pomwepo, ndipo mukalakwitsa mumabwerera pamene munasungira. Chipatso chilibe chifundo chotero, ndipo jamu akapserera m'poto palibe kubwerera. Kuika zipatso mufiriji youmitsa kumaoneka ngati kusunga gemu, koma madzi oundana amaphwanya timaselo ta chipatsocho, kotero kuti chikasungunuka chimakhala chofewa, choyenera kuphika osati kudya chachiwisi. Ngakhale firiji wamba ili ndi msampha wake, chifukwa pichesi losapsa likakhalitsa pozizira limatha kukhala laufaufa ndi lopanda madzi.

Choncho m'khitchini dongosolo lilipo kale, ndipo amene amalikonza ndi zipatso zomwezo. Yambani ndi masitiroberi chifukwa sachedwa kuwonongeka, sungani matcheri pozizira, siyani mapichesi ndi mapulamu olimba patebulo n'kumawagwira tsiku lililonse pafupi ndi pakhosi kuti mumve ngati afewa, ndipo gulani zimene mungathe kuzisamalira m'masiku ochepa. M'gemu, ngati makonzedwe ake akulola, zimitsani zizindikiro zina za pamapu, sankhani phiri kapena nyumba imodzi imene mukuiona patali, ndipo mulole kuti zimene mukumane nazo panjira zisinthe ulendo wanu.