Chikuto cha piritsi chikang'aluka kapena kumata, vuto limakhala pati?

Mtsikana wina amene akuphunzira ntchito mufamase wandilembera imelo. Akuti waona mapiritsi okutidwa ena atang'aluka m'mphepete, ena atamatana m'botolo nthawi ya dzinja, ndipo m'kalasi anamva kuti zonsezi zimakhudzana ndi plasticizer, chinthu chimene amathira kuti chikuto chifewe. Akufunsa kuti kanthu kochepa chonchi kamasintha chiyani kwenikweni.

Achemwali, funso lanuli landisangalatsa, chifukwa ambiri amangoyesa kuti chikuto ndi chokongoletsa basi.

Chikuto chija ndi polima wopopera pamwamba pa piritsi, ndipo kuchindikala kwake nthawi zambiri sikupitirira gawo limodzi mwa magawo 10 a milimita. Polima ndi tizingwe titalitali togwirana zolimba. Payekha amakhala gwa: polima wa ethylcellulose amayamba kufewa kutentha kukafika cha m'madigiri 130, hypromellose ndiye mpaka kupitirira 160. Mlingo umenewu ndi womwe m'mabuku mwanu akuulemba kuti Tg. Tsono chikutochi chikamauma chimakhwinyata, pomwe piritsi lamkati limafufuma pang'ono ndi kutentha kwa m'makina. Chikapanda kutha kutamuka chimang'ambika m'mphepete, kapena kunyamuka pa zilembo zodindidwa zija mpaka osawerengeka.

Plasticizer ndi timamolekyu ting'onoting'ono, monga PEG 400, propylene glycol, triacetin ndi triethyl citrate, tomwe timalowerera pakati pa tizingwe tija kuti tizitha kutsetserekerana. Tg imatsika. Taganizani za luzi: louma limathyoka mukalipinda, koma mukaliviika m'madzi mumamangira denga bwinobwino.

Koma palibe chaulere apa. Mulabu akatenga kachidutswa ka chikuto n'kukakoka ndi makina, kokhala ndi plasticizer wambiri kamatamuka kutali kasanaduke, komabe kamaduka ndi mphamvu yochepa. Kufewa kukachuluka, kulimba kumachepa. Mukapyola muyezo chikuto chimanyata, mapiritsi n'kumamatana awiriawiri m'chiwaya chokutira, ndipo polekana lina limasendeka. N'chifukwa chake opanga amathiramonso talc, ufa woletsa kumatana.

Pomwe ine ndimada nkhawa kwambiri ndi pa zikuto zoteteza mankhwala ku asidi wa m'mimba. Polima wotchedwa Eudragit L 30 D-55 sasungunuka mpaka pH (muyezo wa asidi, womwe umakwera asidi akamachepa) ipitirire 5.5, kutanthauza kuti amadikira kufika m'matumbo aang'ono. Payekha ndi wosweka msanga, motero amamuthira triethyl citrate, kawirikawiri 10 mpaka 20 peresenti ya kulemera kwa polimayo. Omeprazole, mankhwala a chilungulira, amawonongeka ndi asidi, ndiye kamng'alu kosaoneka ndi maso n'kokwanira kuti mankhwala ena athere m'mimba, wodwala n'kumadabwa kuti chilungulira sichikutha. Pamene timibulu tokutidwa kale tikupanidwa kuti tikhale piritsi limodzi, chikuto chiyenera kupindika osasweka. Apa plasticizer ndiye mwini nkhani.

Mtundu wake nawonso ndi wofunika. Pa mapiritsi otulutsa mankhwala pang'onopang'ono, plasticizer wosungunuka m'madzi amatha kutulukamo n'kusiya timabowo, mankhwala n'kuyamba kutuluka mofulumira. Dibutyl sebacate sasungunuka m'madzi, choncho amakhalitsa m'chikuto.

Za mapiritsi anu omatana m'dzinja aja, ndikukayikira chinyontho kuposa fakitale. Madzi nawo ndi plasticizer, ndipo hypromellose amawayamwa kuchokera mumpweya. Botolo likamatsekulidwa pafupipafupi mu Januwale, makamaka kumalo otentha ngati Nsanje kapena Salima, chikuto chimafewa kuposa momwe wopanga anakonzera. Kumayiko otentha ndi achinyontho kwambiri, WHO imalimbikitsa kuyesa mankhwala pa madigiri 30 ndi chinyontho cha 75 peresenti, koma mayesowo amachitika mankhwala ali m'paketi yake yotseka, osati m'botolo la pululu pashelefu.

Choncho musamatulutsiretu mapiritsi m'mapaketi ake, kathumba koyamwa chinyontho kaja musakataye, ndipo botolo muzilitseka mukangotapa. Mukapeza ong'aluka kapena omatana, musampatse wodwala. Lembani nambala ya batch (gulu la mapiritsi opangidwira limodzi), muwadziwitse akulu a famase yanu kuti akauze a PMRA, bungwe loyang'anira mankhwala m'Malawi.