Kodi a Pashtun ndi Aisraeli osochera?

Funso: Akulu, ndaonera kavidiyo pa Facebook akuti a Pashtun ndi fuko la Israeli lomwe linasochera kalekale, zoona zimenezi? Nanga bwanji akupezeka ku Afghanistan komanso ku Pakistan? Wowerenga wa ku Zomba

Yankho: Achimwene, nkhaniyo sanaipeke a pa Facebook ayi, a Pashtun ena amaikamba okha. Amati kholo lawo ndi Qais Abdur Rashid, wa mtundu wa Mfumu Sauli, amene akuti anakaonana ndi Mtumiki Muhammad nkulowa Chisilamu, ndiye mafuko akuluakulu amadziwerengera kwa ana ake Sarban, Bitan ndi Ghurghusht, kuphatikizapo Karlan yemwe akuti anachita kutoledwa. Koma vuto ndi loti mbiri imeneyi inalembedwa mochedwa, cha m'ma 1600 ku India nthawi ya mfumu Jahangir, patadutsa zaka pafupifupi 1,000 chichitikireni zomwe akunenazo. Ine ndimakhulupirira chilankhulo kuposa mzere wa makolo, chilankhulo chawo cha Pashto ndi m'bale wa zilankhulo za chi Iran, ndi Chiheberi palibe ubale olo pang'ono. Akatswiri ambiri amati ndi anthu osakanikirana, magulu osiyanasiyana omwe anakumana cha ku mapiri a Sulaiman, m'malire a Afghanistan ndi Pakistan, nkumayankhula chimodzi.

Zosamuka ndiye zilipo zambiri. A Yusufzai, fuko la Malala Yousafzai uja, anali cha ku Kandahar kenako Kabul, kumeneko wolamulira Ulugh Beg anawaphera akuluakulu awo kumapeto kwa zaka za m'ma 1400, otsalawo anathawira ku Peshawar mpaka kulanda chigwa cha Swat komwe ali mpaka lero. Ena anatsetserekera ku India ndipo sanapite kukapempha ganyu, a Lodi analamulira Delhi kuyambira 1451 mpaka Babur, yemwe anayambitsa ufumu wa Mughal, atawagonjetsa ku Panipat mu 1526. Ahmad Shah Durrani yemwe anakhazikitsa ufumu ku Kandahar mu 1747 nayenso anali m'Pashtun.

Funso lanu lachiwirilo ndi losavuta, anthuwo sanaoloke malire, malirewo ndi amene anawapeza. Mu 1893 Mngelezi Mortimer Durand ndi Amir Abdur Rahman Khan, wolamulira Afghanistan, anagwirizana mzere womwe unadutsa pakati penipeni pa dziko lawo, mafuko ena ngati a Mohmand anagawika pawiri. Pakistan itabadwa mu 1947 inatengera mzere womwewo, Afghanistan mpaka pano imaukanabe.